Yankho kwa amayi aakulu pa nkhani ya viza ya alamu

Amayi aakulu, ndamva uthenga umene mwatumiza pa gulu lathu la banja lino, ndipo ndaona kuti ndiyankhe ndi mawu kuti ena onse amene akhudzidwa amvere limodzi. Mwafunsa ngati pali njira yofulumizitsa viza ya alamu, kuti achoke ku Lilongwe n'kubwera kudzadwazika achimwene ku Manchester, poti madokotala awapeza ndi khansa ya m'matumbo ndipo akuti awachita opaleshoni mwezi wamawa. Mwanenanso kuti ena kumpingo akukulangizani kuti alamu angotenga viza ya ulendo, zinazo adzakonzere konkuno.

Njira yofulumizitsa ilipo, koma tiyambe tamvana pa chinthu chimodzi. Matenda a achimwene angachititse kuti a Home Office, unduna wa ku Britain woona za anthu olowa m'dziko, aone pempho la alamu msanga, koma sachotsapo chilichonse pa zimene malamulo amafuna kuti mkazi wa nzika ya Britain aloledwe kudzakhala kuno. Zili ngati pachigayo: anthu angakumvereni chisoni n'kukulolani kutsogola pamzere, koma ngati chimanga chanu n'chosauma mubwerera nacho. Pempho losakwanira likafulumizitsidwa, chimene chimafika msanga ndi kalata yokana, ndipo ndalama ya fomu sibwezedwa.

Mwayi wathu ndi woti alamu sanalipire fomu yawo ndiponso sanapite kukadinda zala. Ndikutero chifukwa njira yodalirika kwambiri yofulumizitsira ndi imene amaitcha priority, ndipo imeneyi munthu amasankha pa nthawi yolipira, asanakaonekere ku ofesi yodindira zala. Akadindiratu, kawirikawiri mpata wowonjezera umakhala utatsekeka. Pempho wamba la mkazi kapena mwamuna wapabanja lochokera kunja kwa Britain limayankhidwa mkati mwa masabata 12, pamene la priority amalonjeza kuliyankha mkati mwa masiku 30 ogwira ntchito, omwe ndi pafupifupi masabata asanu ndi limodzi. Mtengo wake ndi mapaundi 500 pamwamba pa zina zonse. Fomu yokha inakwera kufika mapaundi 1,938 mu Epulo 2025, ndipo pali ndalama ya zachipatala imene imalola munthu kuthandizidwa ku NHS (zipatala za boma za kuno), mapaundi 1,035 pa chaka, yomwe alamu adzalipira ya zaka zitatu pakamodzi, mapaundi 3,105, chifukwa vizayi imakhala ya zaka ziwiri ndi miyezi isanu ndi inayi. Pa mitengo ya mu 2025 imeneyi, zonse pamodzi zikufika mapaundi 5,543. Mitengoyi imakonda kusintha mu Epulo, choncho tidzayang'ane pa tsamba la boma la gov.uk tsiku lolipira. Ndiponso malipirowa achitike ndi khadi ya banki ya kuno, popeza mukudziwa nonse mmene makhadi akumudzi akuvutira kulipira zinthu zakunja chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja.

Masiku 30 aja amayamba kuwerengedwa alamu akadinda zala, osati lero. Ndiye funso lenileni ndi lakuti n'chiyani chingawachedwetse kufika pa tsiku limenelo, ndipo ine ndikuona zinthu ziwiri zimene zili m'manja mwa alamu. Choyamba ndi kuyezetsa chifuwa chachikulu cha TB, kumene aliyense wochokera ku Malawi wofuna kukhala kuno kupitirira miyezi isanu ndi umodzi amayenera kuchita, ndipo kumachitikira ku chipatala chovomerezedwa ndi Home Office chokha, osati chilichonse chimene tili nacho pafupi. Amajambula chifuwa, ndipo chithunzi chikakhala choyera satifiketi imatuluka mosachedwa n'kugwira ntchito miyezi isanu ndi umodzi. Koma chithunzi chikaonetsa kachipsera kalikonse, ngakhale ka matenda akalekale amene munthu anachira, amatenga makhololo, ndipo zotsatira zake zingatenge mpaka masabata asanu ndi atatu. Palibe kalata ya dokotala wa kuno imene ingadule nthawi imeneyo. N'chifukwa chake ndikupempha kuti alamu ayambire pamenepa sabata ino, asanakhudze china chilichonse.

Chachiwiri ndi mayeso a Chingerezi. Ndikudziwa kuti alamu amachilankhula bwino ndipo ena aseka pomva zimenezi, koma Malawi sali pa mndandanda wa mayiko amene anthu ake amakhululukidwa mayesowa, ndipo satifiketi ya MSCE siyiwerengedwa. Amafuna mayeso ovomerezeka a gawo loyambirira, lotchedwa A1, monga IELTS Life Skills, omwe ndi olankhula ndi kumvetsera basi. Mayesowo si ovuta; chovuta ndi kupeza tsiku lapafupi, choncho alembetse lero lomwe.

Tsopano ndifike pa mbali ya achimwene, imene ikundidetsa nkhawa kwambiri, ndipo ndikupemphani mumvetsere bwino apa. Kuyambira pa 11 Epulo 2024, munthu woitanitsa mkazi wake amayenera kuonetsa kuti amalandira mapaundi 29,000 pa chaka. Kale inali 18,600. Umboni wake ndi mapepala a malipiro a miyezi isanu ndi umodzi, masitetimenti a ku banki oonetsa ndalama yomweyo ikulowa, ndi kalata ya abwana awo yonena ntchito imene amagwira, nthawi imene anayamba ndi malipiro awo. Pepala lomaliza la malipiro ndi sitetimenti yomaliza zisakhale zakale kupitirira masiku 28 pa tsiku lotumiza fomu. Vuto ndi loti achimwene asiya kupita kuntchito chifukwa cha matendawa, ndipo ndalama imene munthu amalandira ali pa tchuthi cha matenda imakhala yochepa, moti wina poyang'ana mapepala a miyezi ino angaganize kuti sakufika pa 29,000 paja. Malamulo anaganizirapo zimenezi. Mu gawo lotchedwa Appendix FM-SE muli ndime yonena kuti munthu amene akulandira malipiro a matenda angathe kuwerengetsa ndalama zimene ankalandira tchuthicho chisanayambe. Ndiye kuti titenga mapepala a miyezi isanu ndi umodzi ya m'mbuyo mwa tsiku limene tchuthi cha matendacho chinayamba, ndipo kalata ya abwana inene momveka tsiku limene tchuthi chinayamba ndi kuti ntchito yawo ikadalipo. Chimene achimwene asachite, ngakhale atatopa bwanji, ndi kulemba kalata yosiya ntchito pa nthawi ino. Amene mumalankhula nawo pafupipafupi muwakumbutse mawu amenewa.

Pali njira inanso. Woitanitsa akakhala kuti akulandira thandizo la boma la anthu odwala kapena olumala, monga Personal Independence Payment, lamulo la 29,000 limachoka, ndipo amangoonetsa kuti ndalama zotsala akalipira nyumba ndi zokwanira kusamala anthu awiri. Koma thandizo limenelo limatenga nthawi kuti livomerezedwe, choncho tisaliyembekezere. Afunsire ndithu, ndipo a Macmillan Cancer Support amathandiza odwala khansa kulemba mafomu otere kwaulere, koma pempho la alamu liyime pa malipiro a kuntchito.

Ndamva kuti amalume anena zoti banja lisonkhe ndalama n'kuika mu akaunti ya achimwene kuti ioneke yodzaza. Mtima wake ndi wabwino koma sizithandiza. Kuti ndalama zosunga zilowe m'malo mwa malipiro zimafunika kukhala mapaundi 88,500, zitakhala mu akaunti kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo zisakhale zangongole. Ndalama zolowa mwadzidzidzi zimangobweretsa mafunso. Ngati tikusonkha, tisonkhere mapaundi 5,543 aja ndi tikiti ya ndege.

Ndibwere pa kalata ya dokotala, poti ndi imene imanyamula nkhani yonse ya matenda. Isachokere kwa dokotala wa kukiliniki ya m'dera, koma kwa katswiri amene akuwaona kuchipatala chachikulu, pa pepala la chipatalacho, yosainidwa, yokhala ndi tsiku ndiponso nambala imene angamupezere. Kalata yongonena kuti wodwalayu ali m'manja mwathu ndipo zingakhale bwino mkazi wake atakhala pafupi ilibe mphamvu, chifukwa wogwira ntchito ku Home Office amawerenga makalata otere ambirimbiri. Kalata yamphamvu imatchula dzina la matendawo, tsiku la opaleshoni, masiku amene akhale m'chipatala, mankhwala olimbana ndi khansa otchedwa kemo amene atsatire ndi miyezi yake, kenako n'kunena zinthu zenizeni: kuti kwa masabata angapo sadzatha kunyamula cholemera, kuphika kapena kuyendetsa galimoto, kuti munthu wa pa kemo akatentha thupi usiku amafunika kuthamangira naye kuchipatala nthawi yomweyo, ndi kuti panyumbapo amakhala yekha. Dokotala wamkulu amakhala wotanganidwa, koma wodwala khansa kuno kawirikawiri amapatsidwa namwino womutsatira, ndipo iyeyo ndi amene amadziwa kukankha kalata kuti ituluke. Achimwene amuimbire ndi kumuuza mosabisa kuti kalatayo ndi ya ku Home Office.

Kalatayi iikidwe pamodzi ndi mapepala ena onse pa intaneti, ndipo pamwamba pake pakhale kalata yaifupi ya alamu yopempha kuti pempho lionedwe msanga pa zifukwa za chifundo. Akadinda zala, titenga nambala ya pempho lawo, imene imayamba ndi zilembo GWF, n'kulembera a UKVI, nthambi ya Home Office yoona za maviza, kudzera pa njira yawo yofunsira mafunso, tikutumizanso kalata ya dokotala ija. Nthawi yomweyo achimwene alembere phungu wa Nyumba ya Malamulo wa dera limene akukhala. Kuno zimenezi si zachilendo ndipo sizifuna kudziwana ndi munthu. Phungu aliyense ali ndi antchito osamalira madandaulo a anthu a m'dera lake, ndipo Home Office ili ndi gawo loyankha makalata a aphungu. Phungu sangalamule kuti viza ituluke, koma angachititse kuti munthu atsegule faelo imene ikanangokhala pamulu. Kalatayo ichokere kwa achimwene eni ake, ndi adiresi yawo, popeza phungu amathandiza okhawo a m'dera lake. Ine ndikhoza kuilemba, iwo n'kungoiwerenga ndi kuitumiza.

Za umboni wa ukwati sindikhalitsapo. Pakufunika satifiketi ya ukwati yeniyeni, osati zithunzi za chinkhoswe zokha, ndipo pepala lililonse lolembedwa m'Chichewa limasuliridwe m'Chingerezi ndi womasulira wosaina dzina lake. Awonjezerepo malisiti a ndalama zimene achimwene amatumiza, zidindo za m'pasipoti zoonetsa maulendo awo akumudzi, ndi pangano la nyumba imene akukhala ku Manchester.

Nanga viza ya ulendo ija? Sindikunena kuti amene anakulangizaniwo ali ndi cholinga choipa, koma mbali yoti zinazo adzakonzere kuno ndi yolakwika. Munthu wolowa ngati mlendo saloledwa kusintha viza yake kukhala ya banja ali mkati mwa dziko lino. Amakhala osapitirira miyezi isanu ndi umodzi, sagwira ntchito, ndipo amayenera kubwerera kumudzi kukayamba pempho lija kuchokera poyambira. Kuwonjezera apo, wopempha viza ya ulendo amayenera kukhutiritsa ofesala kuti adzabwerera, ndipo mkazi amene mwamuna wake ndi nzika ya kuno komanso akudwala amavutika kutsimikizira zimenezo. Ena pofuna kuzemba amabisa zoti ali ndi mwamuna kuno. Alamu asayerekeze, chifukwa bodza la pa fomu limakanitsa pempho ndipo limamutsatira munthu pa mapempho ake onse a m'tsogolo. Viza ya ulendo ili ndi malo ake amodzi: Mulungu atalikitse, madokotala atanena kuti zinthu zasintha ndipo tikuwerenga masiku, pamenepo ndi imene tingathamangire, chifukwa ya priority imayankhidwa mkati mwa masiku asanu ogwira ntchito. Koma malinga ndi zimene mwatiuza, nthawi yovuta kwambiri ndi miyezi ya kemo imene ikubwera pambuyo pa opaleshoni, ndipo viza ya ulendo ikhoza kutha alamu akufunikabe.

Chenjeraninso ndi anthu amene ayambe kuimba foni akamva za matendawa, ponena kuti ali ndi wowadziwa mkati. Zigamulo za mavizawa sizipangidwa ndi anthu amene amalandira mapepala ku Lilongwe, choncho palibe amene angagulidwe kumeneko. Tikafuna wotithandiza kuona mapepala a malipiro aja, ndipo ine ndikuona kuti ndi ndalama yoyenera kuwononga, tipeze loya wa kuno kapena mlangizi wolembetsedwa ku Immigration Advice Authority, bungwe limene kale linkatchedwa OISC.

Amayi aakulu, sindikufuna kukupatsani chiyembekezo chabodza. Tikawerengera nthawi ya TB, mayeso a Chingerezi ndi masabata asanu ndi limodzi aja, n'kutheka kuti tsiku la opaleshoni lifika alamu asanakwere ndege, ngakhale titachita zonse bwino. Ndalankhula kale ndi akuntchito kwanga ndipo ndidzakhala ku Manchester sabata imeneyo, komanso anthu a kumpingo kwa achimwene avomera kusinthana kuwaona akadzatuluka m'chipatala. Tikiti isagulidwe mpaka yankho litatuluka. Alamu anditumizire pambali, osati pa gulu lino, chithunzi cha tsamba loyamba la pasipoti yawo kuti ndione tsiku limene ikutha, ndi satifiketi ya ukwati, ndipo mawa madzulo ndidzawaimbira kuti tidzaze fomu ija limodzi. Zikomo kwambiri.