Mwafunsa za katundu wa ku Yiwu

Achimwene, mwafunsa kuti katundu wa ku China timaoda bwanji ndipo mpamba woyambira ndi wochuluka motani. Funso limeneli ndimalimva sabata ndi sabata kwa anthu amene ngakhale pasipoti alibe. Komabe ndiyankha.

Siyani kunena kuti "ku China" ngati ndi pa msika wa Limbe. Ine ndimagula ku Yiwu, m'chigawo cha Zhejiang, pansi pa mzinda wa Jinhua. Msika waukulu timautcha Futian, uli ndi zigawo zingapo ndi mashopu oposa 70,000. Mukavalira nsapato za kutchalitchi, tsiku lachiwiri muzidzayenda motsimphina.

Tanthauzo la dzina loti Yiwu ndinalidziwa pa nthawi yowawa. Chaka china ndinaoda maambulera theka la kontena kuti afike mvula isanagwe, ndalama zina zili za katapila. Fakitale inachedwa milungu itatu. Ndinkangokhala mu ofesi ya ejenti, kumwa tiyi wopanda shuga, mtima uli phaphapha. Mtsikana wotanthauzira, mwana wa komweko, anaona nkhope yanga n'kuyamba kundisimbira nkhani. Akuti "wu" ndi khwangwala. Kalekale mnyamata wosauka dzina lake Yan Wu anaika maliro a bambo ake yekhayekha, akhwangwala n'kubwera kudzamutulira dothi ndi milomo mpaka milomoyo inachita mabala. Ndiye boma limeneli litakhazikitsidwa mu 222 BC, nthawi ya ufumu wa Qin, analitcha Wushang, akhwangwala ovulala. Munthu wina dzina lake Wang Mang atalanda mpando wa ufumu analisintha kukhala Wuxiao, potama mwana wolemekeza makolo, koma iye atagwa dzina lakale linabwerera. A ufumu wa Tang analing'amba pawiri, Wuxiao ndi Huachuan, kenako mu 624 analumikizanso n'kulitcha Yiwu, khwangwala wachilungamo. Linakhala boma wamba mpaka 1988 pamene linakwezedwa kukhala mzinda.

Ndinaseka ndithu. Kwathu khwangwala timamudziwa ndi kuba chimanga pamunda, ndi mantha aja anamufikitsa ku ukalamba.

Akhwangwala enieni ndinakawapeza pobwerera. Katundu anakwera sitima yapamadzi pa doko la Ningbo bwinobwino. Pa chipata china, sindichitchula, bwana wa yunifolomu anangoyang'ana invoisi yanga ndi diso limodzi n'kunena kuti mtengo ndanama. Anaika mtengo wake wa m'mutu, msonkho n'kukwera ngati ndaoda golide. Ndikatsutsa, "bwerani mawa." Mawa lake, "netiweki yagwa." Mkuja, wosayina wapita ku maliro. Ndalama yosungira kontena ikuwerenga tsiku ndi tsiku, wa katapila akuimba foni mbandakucha. Maambulera anatuluka mu Epulo, anthu akukolola. Kutsegula makatoni apansi, nthiti zake zopyapyala ngati waya wa galimoto za ana, osati za pa sampulo zija. Puloti yanga inapita choncho. Amene tinayambira limodzi ena anabwerera kumudzi, ine lero mashopu ndi awiri.

Chimene chimandipweteka n'chakuti anthu a ku Yiwu anali amphawi kuposa ife. Ankayenda m'midzi ndi kang'oma ka m'manja, kusinthanitsa maswiti a shuga ndi nthenga za nkhuku zokathira m'minda ngati manyowa, akuluakulu akuwathamangitsa. Mu 1982 mkulu wa bomalo, Xie Gaohua, anati asiyeni agulitse, msika n'kutsegulidwa. Munthu mmodzi wa mu ofesi! Athuwa akaona wa geni amaona ndiwo.

Musamalize kulipira katundu musanamuone ndi maso anu, ndipo katoni yotsegula musankhe nokha, ya pansi penipeni. Katundu wa nyengo musamuyerekeze musanalimbe. Ejenti amene wakupezani yekha pa hotelo, mukaneni ngakhale atalankhula Chichewa.

Za mpamba mundipeze kushopu, koma osati Loweruka.