Galimoto ikamawira pa mdipiti pokha, yambani ndi fani

Sabata yatha ndinalandira imelo ya bambo wina wa ku Area 25 ku Lilongwe. Ali ndi Toyota Corolla yomwe anaitanitsa ku Japan. Akuti akamapita ku Salima kapena ku Dedza galimoto imayenda bwinobwino, singano ya geji ya kutentha kwa injini ili pakati. Koma akangoima pa mdipiti wa madzulo cha ku mlatho wa Lilongwe, singano imakwera mpaka pofiira. Makaniko wina wawauza kuti achotse themositati, kavavu komwe kamatsegulira madzi njira yopita ku rediyeta injini ikafunda, ndiye akufunsa ngati avomere.

Bambo, musavomere. Chizindikiro chachikulu mwachinena kale nokha: pamsewu ili bwino, poima ikuwira. Galimoto ikamathamanga, mphepo imalowa yokha kutsogolo n'kuziziritsa madzi a mu rediyeta. Mukaima mphepo ija palibe, ntchito yonse imatsalira fani. Choncho woyamba kumukayikira ndi fani. Themositati ikanakhala kuti yakanirira osatseguka, galimoto yanu ikanawiranso pokwera mapiri a ku Dedza, mwinanso moposa.

Kuyesa kwake mungathe nokha pakhomo. Lizani injini, tsegulani boneti, kenako yatsani eyakoni. Pa magalimoto ambiri a mtundu wanu fani imayamba kuzungulira nthawi yomweyo. Ikakhala chete, vuto lili pa fyuzi, pa rile (kaswichi ka magetsi koyatsa fani), pa mawaya kapena pa mota ya faniyo. Yambani ndi fyuzi poti ndi yotchipa. Chivundikiro cha kabokosi kake chimasonyeza ya fani ndi iti. Rile mungaisinthanitse ndi inzake yofanana nambala m'kabokosi momwemo, muone ngati fani idzuke. Zonsezi zikakhala bwino, makaniko alumikize mota ku batire mwachindunji. Ikakana kuzungulira, kapena ikamadzuka pokhapokha aigogoda, makala a m'kati mwake atha. Koma ikazungulira ndi eyakoni n'kumakana kudzuka yokha injini ikatentha, kayikirani sensa yoyeza kutentha kwa madzi. Poyesa zonsezi zala, malaya ndi mawaya zikhale kutali, chifukwa fani ya magetsi imadzuka mosachenjeza.

Onetsetsaninso mphamvu yake. Fani yongozungulira mwaulesi ndi yodwala ndithu, ngakhale maso akuiona ikuyenda. Kwa anzathu a ma Hilux ndi ma Land Cruiser omwe fani yake imayendetsedwa ndi lamba, cholakwa chimakhala klachi ya pakati pa fani: mafuta ake akatha, fani imazungulira koma osakoka mphepo yokwanira.

Chachiwiri, chomwe anthu amachinyozera kwambiri, ndi kapu ya rediyeta. Kapu si chotsekera chabe. Imasunga mpweya wopanikizika kuti madzi asawire msanga, ndipo pamwamba pake pamalembedwa mlingo wa kupanikizikako, 0.9 kapena 1.1. Lilongwe ali pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndiye madzi osapanikizidwa amawira asanafike madigiri 100, cha m'ma 96 kapena 97. Fani nayo imadzuka cha pomwepo. Kapu yabwino imakankhira kuwira kuja kupitirira madigiri 115, pamene kapu ya labala yong'ambika imasiya madzi awire injini isanalakwe kanthu. Gulani ya nambala yofanana ndi yomwe inabwera ndi galimoto.

Apa ndinenepo za madzi, chifukwa zimandiwawa. Ambiri timathira madzi a pampopi kapena a pamjigo, chaka ndi chaka. Taonani mkati mwa ketulo ya kunyumba mmene mumayerera ndi zokakamira. Zomwezo zimachitika m'timapaipi ta rediyeta, kuphatikizapo dzimbiri. Timapaipi tina tikatsekeka, rediyeta imakwanitsabe pamsewu koma pa mdipiti wa mu Okutobala imalephera. Dzimbiri lomwelo limadyanso zipsepse za pampu ya madzi. Kulanti, madzi a mankhwala othira mu rediyeta, alipo kuti aletse zimenezi. Wosasukulutsa amasakanizidwa theka ndi theka ndi madzi oyera a batire. Kunja kwa rediyeta nakonso yang'anani, pakati pa iyo ndi kondensa ya eyakoni pamadzadza fumbi, udzu ndi tizilombo. Tsukani ndi madzi oyenda pang'onopang'ono, a mphamvu amapinda zipsepse.

Tibwerere ku themositati. Pa ma Toyota ambiri imatseguka cha pa madigiri 82, ndipo ntchito yake ndi kuthandiza injini kufunda msanga n'kukhala pa mlingo umodzi. Mukaichotsa, m'mawa wa mu Juni injini imachedwa kufunda, kompyuta imathira petulo wambiri, zitsulo zimaperepeseka msanga. Fani yakufa ija imakhala yakufabe, ndipo pa mdipiti mudzawiranso. Ngati makaniko akuikayikira, aiike m'madzi otentha muone limodzi ngati ikutseguka. Ikakana, muikemo yatsopano.

Podikira kukonza, singano ikayamba kukwera zimitsani eyakoni, yatsani hita mpaka kumapeto, mawindo ali pululu. Hita ndi karediyeta kakang'ono, kamachotsako kutentha. Ikapitirira kukwera patukani, zimitsani injini, dikirani mphindi 30 kapena kuposa. Musatsegule kapu injini ili yotentha. Madzi ake amathovoka ngati kasupe ndipo amasupula khungu la kumaso ndi m'manja.

Chondidetsa nkhawa ndi chakuti singano yafika kale pofiira. Silinda hedi ya Corolla, gawo la pamwamba la injini, ndi ya aluminiyamu, imapindika ikapsa, gasiketi yotseka mpata wa pansi pake n'kuphulika. Mawa m'mawa injini isanalire, tsegulani kapu ya oilo muone ngati pali zoyera zangati phala. Kenako onani ngati ku ekizozi kukutuluka utsi woyera wosaleka injini itafunda, kapena ngati madzi akuchepa popanda podontha. Mukapeza chimodzi mwa izi, galimoto isapitenso m'tauni mpaka makaniko ayeze gasiketi. Mukapanda kupeza, yesani fani ija, mundilembere zomwe mwaona.