Kodi mwini nyumba weniweni ndi ndani?

Funso: Ndikufuna kugula nyumba ku Rosettenville mumzinda wa Johannesburg, koma wogulitsayo akungondisonyeza fotokope ya chikalata cha umwini. Ndingatsimikize bwanji kuti nyumbayo ndi yake? — Wowerenga wa ku Turffontein

Yankho: Achimwene, musapereke ngakhale khobidi musanafufuze ku Deeds Office, ofesi ya boma yolembetsa umwini wa malo ndi nyumba. Kaundula wa kumeneko ndi wa anthu onse. Mumalipira kandalama kochepa, kapena mumafufuza pa intaneti kudzera pa DeedsWeb, webusaiti ya ofesiyo. Adiresi yokha siyokwanira. Amafuna nambala ya puloti, imene kuno amati erf, ndi dzina la dera monga linalembedwera, kapena dzina lonse la mwiniyo ndi nambala ya chiphaso chake. Ngati ndi fulati, tengani dzina la scheme (dzina limene mdadada wonse unalembetsedwera) ndi nambala ya unit (nambala ya fulatiyo m'kaundula), imene kawirikawiri imasiyana ndi ya pachitseko. Ambiri amasokera pamenepa. Mukaisowa nyumbayo mu kaundula wa ku Johannesburg, yesaninso ku Deeds Office ya ku Pretoria, pakuti malo ena a mumzinda uno analembedwa kumeneko.

Chikalata chimene mumalandira mukafufuza chimaonetsa mwini, mtengo umene anagulira ndi ngongole ya kubanki ngati ilipo.

Mtengo wa nyumba umene khonsolo imawerengera msonkho uli mu General Valuation Roll ya 2023, kaundula wa mitengo ya malo ndi nyumba, pa webusaiti ya City of Johannesburg. Ngongole ya msonkho simungaione nokha, koma umwini susinthidwa popanda rates clearance certificate (satifiketi yosonyeza kuti msonkho unalipiridwa), imene loya wosamutsa umwini amaitenga kukhonsolo.