Kodi vinyo wofiira akakhalitsa amakomadi?

Achimwene, mwafunsa ngati n'zoona kuti vinyo wofiira amanka nakoma akakhalitsa m'botolo, komanso chifukwa chake wa ku Château Haut-Brion amadula chonchi. Si vinyo aliyense amene amatero. Wambiri wa m'masitolo amayenera kumwedwa pasanathe zaka zochepa, ndipo mukamusunga zaka 20 mudzamupeza atasukuluka.

Haut-Brion ndi wina. Munda wake uli ku Pessac, m'mphepete mwa mzinda wa Bordeaux ku France, pa nthaka ya timiyala yosasunga madzi, motero mizu ya mphesa imazama kwambiri. Banja la Pontac ndilo linaukuza m'zaka za m'ma 1500, ndipo mu 1663 Samuel Pepys, Mngelezi wodziwika ndi buku lake la zochitika za tsiku ndi tsiku, analemba kuti analawa vinyoyu ku London. Mu 1855, atasanja vinyo wa ku Bordeaux, minda inayi yokha inalowa gulu loyamba la vinyo wofiira: Lafite, Latour, Margaux ndi Haut-Brion, umene unali wokhawo wa kunja kwa Médoc, dera limene kuli minda ina itatuyo. Clarence Dillon wa ku America anaugula mu 1935, ndipo mpaka lero uli m'manja mwa mbumba yake.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi ichi. M'makoko ndi njere za mphesa muli tannin, yemwe amaumitsa m'kamwa ngati tiyi wopanda mkaka amene wakhalitsa mu ketulo. Zaka zikamapita tannin amafewa, kafungo ka zipatso kamasanduka ka fodya wouma ndi dothi lonyowa.

Mukapeza botolo, ligonekeni kuti chotsekera chisaume, pamalo amdima ozizira cha m'ma digiri 13. Kutentha kwa mu Okutobala m'nyumba ya malata kungaliwononge.