Musanayambe kulemba, pezani kaye chiganizo chimodzi

Achemwali a ku Santhe, mwafunsa kuti personal statement yanu, nkhani yodzifotokozera yofunsira sikolashipu, ikumveka ngati ya wina aliyense, ndiye mungatani kuti ioneke pagulu.

Tisiyanitse kaye. Ngati mukufunsira malo ku UNIMA, LUANAR, MUST, MUBAS, KUHeS kapena MZUNI kudzera ku NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, chimene chimagwira ntchito ndi mapointi anu a MSCE ndi makirediti amene kosiyo ikufuna. Personal statement imafunika kwambiri kunja. Pa Common App, fomu ya pa intaneti yofunsira malo ku mayunivesite a ku America, amalola mawu 250 mpaka 650. Pa UCAS, njira yofunsira malo ku mayunivesite a ku Britain, muli ndi zilembo 4,000, kuwerengera ndi mipata yomwe, zogawidwa pa mafunso atatu. Mayunivesite a pulogalamu ya masikolashipu ya Mastercard Foundation ali ndi mafunso awoawo.

Pamene ana athu ambiri amagwera ndi poyambira. Amayamba ndi "ndinabadwira m'banja losauka". Ndi zoona ndipo si zamanyazi, koma owerengawo amalandira mulu wa makalata oyamba chimodzimodzi. Umphawi umangonena zimene zinakugwerani, pamene iwo akufuna kumva zimene inu munachita. Za ndalama zili ndi fomu yake, kazifotokozeni kumeneko.

Tengani kope, mulembe zinthu khumi zimene mwachita ndi manja anu m'zaka zitatu zapitazi. Musangolemba maudindo ngati upulifekiti. Lembani ngakhale kuwerengera amayi ndalama za kubanki m'khonde, kusankha fodya m'chigafa, kuphunzitsa ana a Sitandade 8 masamu patchuthi. Kenako zungulizani zitatu zimene zikukokera kumodzi. Pa zitatuzo tulutsani chiganizo chimodzi chosapitirira mawu 25, chonena vuto limene munaliona, chimene munachitapo, ndi chimene mukufuna kukaphunzira. Uthenga wanu ndi umenewo.

Mwachitsanzo, "ndikufuna kutukula ulimi m'dziko langa" si uthenga, aliyense angasainire. Koma mvetserani ichi: "Mtedza wa kwathu umakanidwa pamsika chifukwa cha chuku, ndinayesa njira ziwiri zoumitsira, ndipo ndikufuna kuphunzira sayansi ya zakudya." Apa wowerenga waona munthu, munda ndi kosi. Ngati njira imodzi inakanika, nenani ndithu. Kufotokoza chifukwa chimene inakanikira kumaonetsa kuganiza kwanu kuposa kudzitamandira kulikonse.

Chiyeseni chiganizocho. Muuzeni mnzanu madzulo, m'mawa mwake mumufunse kuti munati chiyani. Akalephera kubwereza, ndiye kuti sichinapse.

Pa mawu 650 a Common App aja, ine ndingagawe chonchi: pafupifupi 120 pa chochitika chimodzi, 280 pa zimene munachita ndi zimene zinavuta, 150 pa mmene maganizo anu anasinthira, otsalawo pa zimene mukufuna kukaphunzira. Gawo lachiwirilo ndilo mtima wake, koma ndi limene ambiri amalithamangira. Ndime iliyonse imene sikugwirizana ndi chiganizo chija ichotseni, ngakhale ikome bwanji. Ndipo musatchule dzina la yunivesite imodzi, chifukwa nkhani ya Common App kapena UCAS imapita ku masukulu onse amene mwasankha. Ya UCAS itsamire kwambiri pa phunzirolo kusiyana ndi mbiri ya moyo wanu.

Kuno ku Kasungu tili ndi chiyeso china. Tonse timanyadira William Kamkwamba wa ku Wimbe, amene anapanga makina amphepo opangira magetsi n'kukamaliza maphunziro ku Dartmouth College ku America mu 2014. Choti titengepo n'chakuti iye anali ndi chinthu chooneka chimene anapanga. Musapeke nkhani yofanana ndi yake. Bodza limaululika pa intavyu, mafunso awiri okha.

Za Chingerezi musade nkhawa poyamba. Jambulani mawu anu pafoni mukufotokoza m'Chichewa, kenako mulembe. Aphunzitsi akonze galamala, koma asakulembereni, ndipo musakopere pa intaneti kapena kwa amene anapita chaka chatha. UCAS imafananitsa nkhani zonse pakompyuta. Zolembedwa ndi ChatGPT nazo zimamveka zosalala koma zopanda mwini.

Yambani mu Ogasiti. Masukulu ambiri a ku America amatseka gawo loyamba lolandira mafomu pa 1 Novembala, lachiwiri chakumayambiriro kwa Januwale, pamene UCAS imatseka pa 15 Okutobala kwa ofuna udokotala, Oxford kapena Cambridge. Tumizani kutatsala masiku atatu, netiweki ndi magetsi sizidalirika. A EducationUSA ku Lilongwe amalangiza kwaulere za masukulu a ku America.

Chiganizo chanu chija mukawapatsenso aphunzitsi amene akukulemberani kalata yokuchitirani umboni, kuti zimene iwo anene zigwirizane ndi zanu.