Nsomba za boesemani zikakhala zotuwa, musathamangire mankhwala

Wowerenga wina watitumizira imelo kuti anagula nsomba zoweta m'thanki zisanu ndi imodzi za mtundu wa Melanotaenia boesemani, koma patha miyezi iwiri zikadali zotuwa, pomwe za pazithunzi zimakhala zabuluu chakumutu ndi zaolenji chakumchira. Imodzi inadumpha m'thanki, anaipeza pansi m'mawa itauma gwa. Akufunsa ngati anamugulitsa zodwala.

Kutuwa pakokha si matenda. Zambiri zimagulitsidwa zili masentimita 4 kapena 5, zikadali ana. Maonekedwe enieni amabwera nsomba ikakwana chaka kapena kupitirira, itafika masentimita 8 mpaka 10, ndipo zowala kwambirizo ndi zamphongo. Muziziyang'ana m'mawa kukangowala: ndi nthawi imene zamphongo zimatambasula zipsepse n'kumanyadira zazikazi.

Chimene mungakonze lero ndi madzi. Kwawo kwa nsombazi ndi ku nyanja za Ayamaru ku Southwest Papua, m'dziko la Indonesia, dera la miyala ya laimu. Choncho zimafuna pH (muyeso wa asidi m'madzi) ya pakati pa 7 ndi 8 komanso madzi okhala ndi kashiamu wokwanira. Ngati pH yanu imatsika pansi pa 7, ikani zigoba za nkhono zophwanyaphwanya m'kathumba mkati mwa fyuluta. Zimasungunuka pang'onopang'ono osadzidzimutsa nsomba. Hita ikhale pa madigiri 26 mpaka 28. Sabata iliyonse chotsani gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi, atsopanowo muwachotse klorini ndipo atenthe mofanana ndi a m'thanki. Nitrate, imene imachokera ku ndowe za nsomba ndi zotsalira za chakudya, isapitirire mamiligalamu 20 pa lita. Ikakwera, nsomba zimazilala, zimapinda zipsepse, ndipo mabakiteriya a columnaris, aja amayeretsa kukamwa ngati thonje, amazigwira mosavuta.

Thanki ikhale yotalika masentimita 120, malita pafupifupi 200, chifukwa zimasambira mothamanga. Zomera ziikeni kumbuyo ndi m'mbali, pakati pakhale pambalambanda. Mchenga wakuda umazithandiza kuwala, woyera umazituwitsa. Ija inadumpha ija, vuto ndi chivindikiro basi. Tsekani ngakhale kampata kodutsa waya wa hita, ndipo muwonjezere ina kuti gulu lisachepere zisanu ndi imodzi.

Kummero kwake n'kopapatiza, kotero chakudya chikhale chosinjasinja, kawiri patsiku, chotha m'mphindi ziwiri. Kawiri pa sabata muzipatseko tizamoyo tating'onoting'ono tam'madzi totchedwa daphnia kapena brine shrimp.

China chimene ambiri amachinyozera: musazisakanize ndi mitundu ina ya Melanotaenia. Zimaswana mosasankha, ana n'kutuluka a mtundu wosakanikirana. Mtunduwu uli pa mndandanda wa IUCN (bungwe la padziko lonse loteteza chilengedwe) wa zamoyo zomwe zili pachiopsezo chakutha, ndiye gulani zoswedwa m'mathanki, osati zogwidwa kunyanja. Zanuzo zikadzakula, pachikani mtolo wa ulusi wolukira majuzi m'madzi. Mazira amakakamira pamenepo, ndipo mukasamutsira mtolowo m'kathanki kena amaswa pakati pa masiku 7 ndi 12.