Mawu oti "dzira" m'Chiheberi cha m'Baibulo

Mwa makalata amene afika pa imelo muli funso ili: "Kodi dzira amati chiyani m'Chiheberi cha Chipangano Chakale, nanga mawuwo ndi achimuna kapena achikazi?"

Zikomo pofunsa. Dzira limodzi ndi beitsah (בֵּיצָה), mazira ndi beitsim (בֵּיצִים). "Ts" wakeyo mutchule ngati wa mu "tsamba". Koma dziwani kuti beitsah yekha simudzamupeza m'Baibulo; amapezeka m'mabuku a aphunzitsi achiyuda olembedwa pambuyo pake, monga Mishnah. M'Malemba amatchulidwa ali ambiri basi, kasanu ndi kamodzi m'mavesi anayi: kawiri pa Deuteronomo 22:6, kamodzi pa Yobu 39:14, kamodzi pa Yesaya 10:14, ndi kawiri pa Yesaya 59:5.

Apa ndi pamene ophunzira ambiri amagwa. Anaphunzira kuti mathero a -im ndi a mayina achimuna, ndiye akaona beitsim amati ndi lachimuna. Ayi, ndi lachikazi. Umboni uli pa Yesaya 10:14, pamene mfumu ya Asuri ikudzitama kuti yasonkhanitsa dziko lonse monga wotola beitsim azuvot, mazira osiyidwa. Mfotokozi azuvot wathera ndi -ot wachikazi. Ife Achewa izi tikuzidziwa: gulu la dzina timalizindikira ndi mgwirizano wake, dzira losiyidwa, mazira osiyidwa. Chimodzimodzi shanah, chaka, pochulukitsa amati shanim koma ndi lachikazibe.

Dzina la beitsim likalumikizana ndi mwini wake, m wakumapeto amachoka: beitsei tsif'oni, mazira a njoka yaululu. Pa Yobu pali beitseha, mazira ake, a nthiwatiwa imene imawasiya pansi. Mibbeitseihem wa pa Yesaya 59:5 musaope kutalika kwake: mi- ndi "kuchokera ku", -hem ndi "awo".

Tsinde lake ndi b-y-ts, ndipo akatswiri ambiri amalilumikiza ndi kuyera, chifukwa m'Chiarabu bayda ndi dzira, abyad ndi choyera.

Chenjezo ndi lakuti si paliponse pamene Baibulo lomasuliridwa lalemba "dzira" pali mawuwa. Pa Yeremiya 17:11 pali mneni wonena za nkhwali yofungatira, mazirawo omasulira amangowonjezera kuti zimveke. Pa Yobu 6:6 pali rir hallamut, amene ena amati choyera cha dzira pomwe ena amati madzi a chomera china. Dzira la pa Luka 11:12 ndi la Chigiriki.